Nambala yaikulu pabokosi la pulinta isakupusitseni

Mphwanga anali Fomu 4 pasukulu ina yoyendera cha ku Bolero. Mayeso a MSCE atayandikira, iye ndi anzake anagwirizana zojambulitsa chithunzi cha kalasi yonse, poti akangolemba pepala lomaliza aliyense alowera kwake: wina ku Mzuzu, wina ku Joni, wina kumunda wa fodya. Anajambula ndi foni ya mnzawo, n'kutumizirana pa WhatsApp, n'kusonkherana ndalama. Awiri anakwera galimoto kupita pa boma la Rumphi kukatsukitsa.

Malo oyamba anali a fotokope, okhala ndi pulinta ya laser yotulutsa mitundu. Chithunzi chinatuluka msanga, koma nkhope zonse zinali timadonthomadontho, ngati kalasi yonse yadwala chikuku. Mmodzi anati, "Aise, makina awa ndi ochepa mphamvu. Tiye kwa ujeni, pulinta yake yalembedwa 5760." Anapitadi. Uko kunali inkjet, ndipo mwiniwake anasindikiza papepala wamba lomwe timalembapo mayeso. Pepala linatuluka lonyowa, lopindikapindika, mitundu ili mbuu, ndipo a mzere wakumbuyo sankadziwika kuti uyu ndi ndani. Ndalama zinapita kawiri, kuphatikiza ya thiransipoti.

Anyamatawa analakwitsa pati? Maganizo anga ndi awa. Pa zithunzi, inkjet imaposadi laser, koma chifukwa chake si chakuti 5760 ndi nambala yaikulu kuposa 1200. Nambala ya pabokosi ndi chinthu chomaliza chomwe muyenera kuyang'ana. Tiyeni tione limodzi, ndipo pomaliza mundiweruze nokha.

Kodi dpi n'chiyani?

Pulinta sijambula mizere ngati mmene mumachitira ndi cholembera. Imangodontheza timadontho ting'onoting'ono, tambirimbiri, moyandikana. Zilembo zitatu zija, dpi, zikutanthauza chiwerengero cha timadontho tomwe pulinta ingandandalike pa inchi imodzi. Inchi imodzi ndi masentimita 2.54, mungathe kuiona pa lula yanu.

Tiyeni tiwerengere. Pulinta ya 600 dpi imasiya mtunda wa mamilimita 0.042 kuchoka pa kadontho kena kufika pa kanzake. Ya 1200 dpi imasiya mamilimita 0.021. Tsitsi la munthu nthawi zambiri limakhala lonenepa pakati pa mamilimita 0.05 ndi 0.1. Ndiye ngakhale pulinta "yofooka" ya 600 dpi ikugwira ntchito ndi mitunda yochepa kuposa tsitsi lanu.

Mapulinta ambiri a laser a m'maofesi amalembedwa 600 kapena 1200 dpi. Ma inkjet a Canon ndi HP kawirikawiri amalembedwa 4800 x 1200, pomwe a Epson ambiri amalembedwa 5760 x 1440. Ukangoona manambalawa, mpikisano umaoneka ngati watha usanayambe. Koma dikirani kaye.

Makina awiri, nzeru ziwiri

Pulinta ya laser ndi phunziro la Fizikisi lomwe mumalidziwa kale. Mukakhutiza cholembera cha pulasitiki patsitsi, chimanyamula tizidutswa ta pepala. M'kati mwa pulintayi muli chiguduli chozungulira chomwe chimapatsidwa mphamvu ya magetsi yotereyi. Kuwala kwa laser kumayenda pachigudulipo n'kusintha mphamvuyo pamalo pomwe payenera kukhala zilembo. Ufa wa toner, womwe ndi pulasitiki woperedwa wosakaniza ndi utoto, umakakamira pamalo amenewo okha, kenako umasamukira papepala. Pomaliza pepala limadutsa pakati pa zigudumu zotentha pafupifupi madigiri 200, ndipo ufa uja umasungunuka n'kumata. N'chifukwa chake pepala la fotokope limatuluka lofunda. Nzeru yokopera ndi magetsi ndi ufa anaitulukira Chester Carlson ku America mu 1938, ndipo Gary Starkweather wa kampani ya Xerox ndiye anaiphatikiza ndi laser cha mu 1971. Pulinta yoyamba ya HP LaserJet, ya mu 1984, inali ya 300 dpi basi, koma inasintha maofesi padziko lonse.

Inkjet ndi nkhani ina. Imalavula inki yamadzi kudzera m'timabowo tochepetsetsa tomwe tili pa kamutu koyenda uku ndi uku. Mu ma Canon ndi ma HP ambiri, kachitsulo kakang'ono kamatenthetsa inki mwadzidzidzi, thovu limatupa, kadontho n'kutumphuka. Mu ma Epson muli kanthu komwe kamapindika kakalandira magetsi, n'kufinya inki kuti ituluke. Timadonthoti timayezedwa m'mapikolita, ndipo pikolita imodzi ndi lita yogawidwa ka 1,000,000,000,000. Pulinta yabwino ya zithunzi imatulutsa timadontho ta mapikolita awiri kapena kucheperapo. Kuti mudzaze kasupuni ka tiyi ka mamililita 5 ndi timadontho totere, mungafunike timadontho 2.5 biliyoni.

Vuto lomwe onse awiri ali nalo

Kuno kwathu ntchito yosindikiza si yachilendo. Mishoni ya Livingstonia itakhazikika ku Khondowe mu 1894 pansi pa Robert Laws, ina mwa ntchito zamanja zomwe achinyamata ankaphunzira kumeneko inali yosindikiza mabuku. Makina a nthawi imeneyo anali ndi lamulo limodzi: pamalo pali inki kapena palibe. Zaka zoposa zana zadutsa, koma pulinta ya pa boma ija ikadali pansi pa lamulo lomwelo.

Pa zilembo, limeneli si vuto. Chilembo ndi chakuda, pepala ndi loyera, zatha. Koma tengani chithunzi cha mbidzi zikudya msipu ku Nyika. Mizere ya mbidzi ndi yakuda ndi yoyera, imeneyo njosavuta. Nanga udzu, womwe pena ndi wobiriwira kwambiri, pena wofwifwa? Nanga thambo, lomwe limayamba lamtambo woderapo pamwamba n'kumayera pang'onopang'ono potsikira kumapiri? Nanga khungu la munthu? Pulinta ili ndi mitundu inayi yokha: cyan, yemwe ndi wamtambo wowala, magenta, wofiirira ngati duwa, wachikasu ndi wakuda. Ilibe inki yotuwa, ilibe inki yamtundu wa khungu lanu.

Ndiye imanamiza diso. Thirani chimanga choyera ndi nyemba zakuda m'lichero, musakanize, muime patali. Simuonanso njere, muona mtundu wotuwa. Mukachulutsa nyemba, kutuwako kumadera. Pulinta imachita chimodzimodzi: kuti ipange mtundu umodzi wa pachithunzi, imagwiritsa ntchito gulu la timadontho.

Apa ndiye pagona nkhani. Tiyerekeze kuti pulinta ya laser yatenga kabwalo ka timadontho 8 m'litali ndi 8 m'lifupi. Timadontho tonse ndi 64, ndipo podetsa tina n'kusiya tina ingapange milingo 65, kuyambira poyera mpaka pakuda bii. Koma yalipira mtengo. Gawani 600 ndi 8, mupeza 75. Pulinta ya 600 dpi ija, ikafika pa chithunzi, yatsala ndi timabwalo 75 tokha pa inchi. Ya 1200 dpi yatsala ndi 150. Timabwaloti timakhala m'mizere yadongosolo, ndipo diso la munthu limagwira msanga zinthu zobwerezabwereza. Chikuku chija chinachokera pamenepa.

Inkjet nayo imanamiza diso, koma ili ndi zida zambiri. Timadontho take imatimwaza mosatsata mizere, moti diso limasowa poti ligwire. Ma inkjet ambiri amatha kusintha kukula kwa kadontho. Inki yamadzi imalowererana ndi inzake, pomwe toner imangokhala pamwamba papepala. Ena opangidwira zithunzi ali ndi inki mitundu 6, kuphatikizapo cyan ndi magenta wosungunula, kuti malo owala ngati thambo ndi masaya asaoneke njerenjere. Izi ndi zomwe zimapambanitsa inkjet.

Nanga 5760 ija?

Choyamba, onani kuti manambala ndi awiri: 5760 x 1440. Mbali imodzi ndi 5760, inayo ndi 1440, koma wotsatsa malonda amakuwa yaikuluyo.

Chachiwiri, tiwerengerenso. Gawani mamilimita 25.4 ndi 5760, mupeza mamilimita 0.0044. Koma kadontho ka mapikolita awiri, kakadali m'malere, ndi konenepa pafupifupi mamilimita 0.016, ndipo kakagwa papepala kamafalikira n'kukulirapo. Mwaona? Kadontho n'kakakulu kangapo kuposa mtunda womwe akutiuzawo. Choncho 5760 ikungonena za malo omwe pulinta ingaloze poponya kadontho. Sizikutanthauza kuti mungaone tinthu 5760 tosiyana pa inchi imodzi. Zili ngati kukumba mapando motalikirana chala chimodzi n'kubzalamo maungu: mapando ndi ambiri, koma masamba angophimbana.

Sindikunena kuti kampani zikunama. Nambalayo ndi yoona, kungoti ikuyankha funso lomwe inu simunafunse. Komanso dpi ya laser ndi dpi ya inkjet sizikuyeza chinthu chofanana ndendende, ndiye kuziika pasikelo imodzi kuli ngati kufunsa kuti chachikulu n'chiti, makilogalamu 50 kapena malita 60.

Diso lanu lili ndi malire

Mukaima ku Livingstonia n'kuyang'ana kunyanja, mchenga wa m'mphepete umaoneka ngati nsalu yosalala. Mukatsika n'kuutapa m'manja, ndi timiyala. Mchenga sunasinthe, chasintha ndi mtunda.

Diso labwinobwino limasiyanitsa tinthu tiwiri ngati tatalikirana ndi gawo limodzi mwa magawo 60 a digiri imodzi. Mukagwira chithunzi pamtunda wa masentimita 30, monga timawerengera buku, zimenezi zikufanana ndi mamilimita pafupifupi 0.087. Gawani 25.4 ndi nambala imeneyi, mufika cha m'ma 290. Apa ndi pomwe pamachokera lamulo lomwe ojambula zithunzi amatsatira, loti mapikiselo 300 pa inchi ndi okwanira. Mapikiselo ndi timabwalo ta mitundu tomwe timapanga chithunzi m'foni kapena pakompyuta. Pikiselo imodzi ingathe kukhala mtundu uliwonse mwa mitundu yoposa 16 miliyoni, pomwe kadontho ka pulinta kali ndi mtundu umodzi mwa inayi ija. N'chifukwa chake pulinta imafuna timadontho tambiri kuti itsanzire pikiselo imodzi.

Umboni womwe umanditsimikizira ndi pulinta yamtundu wachitatu, yotchedwa dye-sublimation, monga timakina ta Canon Selphy tomwe ojambula ena amanyamula popita kuukwati. Iyoyo imatenthetsa utoto wa pa kansalu kopyapyala kuti ulowe m'pepala, ndipo kutentha kukachuluka utoto umalowanso wambiri. Motero kadontho kalikonse kamatha kukhala ndi mtundu wakewake, popanda kunamiza diso. Pabokosi pake palembedwa 300 dpi basi, koma zithunzi zake zimatuluka zosalala kuposa za laser ya 1200 dpi. Nambala ikadakhala ndiye zonse, zimenezi sizikadatheka.

Zinthu ziwiri zomwe anyamata aja anaiwala

Choyamba ndi pepala. Pepala wamba ndi ulusi wa mitengo wolukanalukana. Inki yamadzi ikagwapo imayenderera m'ulusimo, ngati madzi pa chitenje, ndipo kadontho kabwinobwino kamasanduka banga. Pepala la zithunzi lili ndi kachikuto komwe kamagwira kadontho pomwe kagwera. Inkjet ya 5760 dpi papepala wamba ingathe kugonja kwa laser ya 600 dpi. Chenjezo: musalowetse pepala lonyezimira la inkjet mu pulinta ya laser, chifukwa kutentha kuja kungasungunule chikutocho n'kuononga makina a eni ake.

Chachiwiri ndi chithunzi chenichenicho. Pulinta singalenge zomwe mulibe m'chithunzi. Kuti musindikize chithunzi cha mainchi 4 x 6 pa mapikiselo 300 pa inchi, mufunika mapikiselo 1200 x 1800, omwe ndi mamegapikiselo 2.2. Mafoni ambiri a masiku ano amakwanitsa. Koma kudzaza pepala la A4, la masentimita 21 x 29.7, kumafuna mapikiselo 2480 x 3508, pafupifupi mamegapikiselo 8.7. Tsono WhatsApp, pofuna kupulumutsa bandulo, imachepetsa chithunzi mukachitumiza mwa nthawi zonse. Chithunzi cha kalasi chija chinafika pa boma chitaonda kale. Nkhope ya wakumbuyo inali itatsala ndi mapikiselo owerengeka, ndipo palibe pulinta padziko pano ikanaibwezeretsa. Akadachitumiza ngati document, kapena kupita ndi foni yomwe inajambulayo, nkhani ikadakhala ina.

Ndiye tigule iti?

Mwina mukuti, "Ife tigula pulinta ndi ndalama ziti?" Zoona. Koma sukulu yanu idzagula, kapena inagula kale, ndi ndalama zomwe makolo anu anatuluka nazo thukuta. Ndipo ena mwa inu, zaka ziwiri zikubwerazi, mudzatsegula kabizinesi ka fotokope kapena situdiyo ku Bolero, ku Chiweta kapena pa boma pomwe. Chisankhochi chidzakupezani.

Pa sukulu yomwe ili ndi magetsi a ESCOM, ine ndingavotere laser, ndipo yakuda yokha ndi yokwanira. Ntchito yaikulu ya sukulu ndi mapepala a mayeso, manotsi ndi malipoti, osati zithunzi. Pa zilembo, mamapu ndi zojambula za Bayoloje, laser ndi katswiri: palibe kugawa timadontho ndi 8, timadontho tonse 600 timagwira ntchito, ndipo toner siyenderera. Imathamanga pamene aphunzitsi akufuna mapepala mazanamazana mawa m'mawa. Toner ndi pulasitiki, ndiye pepala likanyowa ndi mvula ya mu February zilembo sizisungunuka, pomwe inki zambiri za inkjet zimachucha. Komanso laser ikhoza kugona tchuthi chonse n'kudzuka bwinobwino, pomwe inkjet ikakhala milungu osagwira ntchito inki imauma m'timabowo tija, n'kuyamba kutulutsa mizeremizere.

Pali zonditsutsa, ndipo sindizibisa. Choyamba ndi magetsi. Kutenthetsa zigudumu zija kumadya mawati mazana angapo, pomwe inkjet yaing'ono imangofuna mawati 10 mpaka 20. Sukulu yodalira sola ndi batire, monga zilili m'madera ambiri akumidzi m'boma lino, laser ingathe kuigwetsera inveta. Kumeneko inkjet ndiye yanzeru, bola isamakhale nthawi yaitali osasindikiza. Chachiwiri ndi mtengo. Ma inkjet amakono othira inki kuchokera m'mabotolo amatchipa kwambiri pa tsamba lililonse, nthawi zina kuposa laser. Chachitatu, ma laser atsopano a mitundu apita patsogolo, ndipo pa positala yomata pakhoma, yomwe anthu amaiona ali patali, timabwalo tija sitioneka n'komwe. Ndikuvomereza zonsezi. Koma taonani: pa mfundo zonse zitatuzi, palibe ngakhale imodzi yokhudza dpi. Tikukangana za magetsi, za ndalama, za mvula, za mtunda womwe woonayo waima. Imeneyi ndiye mikangano yoyenera.

Wofuna kutsegula situdiyo yojambula zithunzi za ziphaso, za ukwati ndi za omaliza maphunziro, agule inkjet ya zithunzi kapena dye-sublimation, ndipo asaumire pa pepala. Kasitomala sadzafunsa za 5760. Adzayang'ana ngati nkhope ya mayi ake ikuoneka monga alili.

Yesani nokha

Musangondikhulupirira. Pemphani galasi lokuzira zinthu ku labu, kapena gwiritsani ntchito kamera ya foni. Pezani zinthu zitatu: chithunzi cha m'nyuzipepala ngati The Nation kapena The Daily Times, pepala la fotokope lomwe lili ndi chithunzi, ndi chithunzi chotsukidwa ku situdiyo. Ziyang'aneni pafupi. Pa ziwiri zoyambazo muona timadontho tili pamzere ngati asilikali. Pa chachitatu muona fumbi lomwazika la mitundumitundu, kapena simuona kadontho n'komwe. Kenako matani chithunzi cha m'nyuzipepalacho pakhoma, muzibwerera m'mbuyo pang'onopang'ono mpaka timadontho titasowa, ndipo muyeze mtundawo ndi lula. Yerekezani ndi wa mnzanu. Mwayeza malire a diso lanu, popanda kulipira ndi tambala yomwe.

Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Manambala a pamabokosi ndi otero: mamegapikiselo a foni, mawati a sipika, dpi ya pulinta. Mukaona nambala yaikulu, ifunseni kuti ikuwerenga chiyani, komanso ngati diso kapena khutu lanu lingathe kuzindikira kusiyanako. Ndipo tsiku lomwe mudzapite kukatsukitsa chithunzi cha kalasi yanu, nyamulani chithunzi chomwe sichinadutse pa WhatsApp, funsani ngati ali ndi pepala la zithunzi, ndipo muwapemphe atulutse chimodzi kaye muone. Ndalama za anzanu muzitulutse pambuyo pake.